Notisi ya mwezi umodzi pakati pa dzinja

Lolemba m'mawa, chifunga chisanachoke m'minda ya tiyi, ndinapeza bambo wina woyendetsa thirakitala atakhala pabenchi kunja kwa ofesi yathu ya malipiro, kalata ili m'manja. Agwira pa esiteti ino ya ku Thyolo zaka 6, kututa masamba kuchokera kumashedi opimira kupita nawo kufakitale. Kalatayo inali ya mizere itatu yokha: apeza ntchito ku Limbe, ndipo akufunika kumeneko Lolemba lotsatira.

"Nanga notisi, bambo?"

"Mayi, ndikati ndidikire mwezi, malowo atenga wina."

Ndinawamvetsa, koma lamulo la za ntchito la 2000 silinabise mawu. Ndime 29 ikuti wolipidwa pamwezi apereke notisi ya mwezi wathunthu. Kwa wolipidwa patsiku amene sanakwanitse miyezi 6, tsiku limodzi ndi lokwanira, n'chifukwa chake ena amayesa kuti aliyense angathe kungotsanzika n'kumapita. Ndime 30 ndiyo imawawa: ukachoka osamaliza notisi, iweyo ndiwe ubwezera olemba ntchito ndalama zimene ukanalandira m'masiku otsalawo.

Lachiwiri amanijala anapsa mtima, ndipo sindinawadabwe. Mu Januwale tiyi amaphukira usana ndi usiku, ndipo masamba akachedwa m'matumba amatentha n'kufiira asanafike kufakitale. Dalaivala wodziwa njira zoterera za kuno sapezeka tsiku limodzi. "Asalandire kalikonse ameneyo," anatero. Ndinatsegula buku la lamulolo n'kuwasonyeza kuti ndime yomweyo imateteza zimene munthu wakhetsera kale thukuta. Masiku amene wagwira ndi ake, masiku a tchuthi amene sanapume ndi akenso. Kwa ife ogwira masiku 6 pamlungu, tchuthi ndi masiku 18 pachaka, ndipo bamboyu anali atatsala ndi 9.

Lachitatu ndinakhala pansi ndi bamboyu, pepala pakati pathu. Ine sindifuna munthu azikaonera zochotsedwa pa silipi ali kale pageti. Tinawerengera limodzi, ndipo titachotsa milungu itatu ya notisi imene akanalephera kugwira, zotsala sizikanagula ngakhale thumba limodzi la feteleza. Anakhala duu kwa kanthawi, kenaka anati, "Ana akudikira fizi, mayi." Usiku umenewo tulo sindinatione bwino.

Pali mawu ochepa mu ndime 30 amene maofesi ambiri amawadumpha: olemba ntchito angathe kukhululuka notisi. Lachinayi ndinabwerera nawo kwa amanijala, nditanyamulanso pempho. Bamboyu agwire milungu iwiri, aphunzitse mnyamata amene amamuthandiza pa thirakitala, masiku otsalawo tiwasiye. Bamboyu anaimbira foni a ku Limbe ine ndili pomwepo, ndipo a ku Limbewo anavomera kudikira. Amanijala anang'ung'udza pang'ono, komabe anasaina. Ndinaumirira kuti zilembedwe, chifukwa za pakamwa zikafika ku ofesi ya leba pa boma, aliyense amakumbukira zake.

Lachisanu linatha ndi mafunso. Bamboyu anafunsa za ndalama ya chipukuta misozi imene anzawo analandira atachotsedwa ntchito itachepa. Ndinawauza zoona, kuti wosiya yekha mwakufuna kwake salandira imeneyo. Nkhope inagwa. Koma penshoni yawo, 5 peresenti imene timadula ndi 10 peresenti imene kampani imaikapo, ili m'dzina lawo ndipo ipitirira kuntchito yatsopano. Malipiro omaliza lamulo likuti aperekedwe pasanathe masiku 7 chisiyireni ntchito, ndiye ndalemba tsikulo pa kalendala ndi cholembera chofiira, pamodzi ndi kalata yaumboni yosonyeza zaka zimene agwira kuno.

Ndikutseka ofesi madzulo mvula inali itayambanso. Thirakitala inadutsa ikutsika ndi katundu womaliza, mnyamata uja ali pa chiwongolero, bambo aja ataima pambali pake akumulozera pokhota.