Chingalawa Chimene Ndinakana Kuchimata Phula

Pa zaka zitatu zimene ndalera ana pabanja lina la Chiyuda ku Glenhazel, mumzinda wa Johannesburg, ndaona kuti mwezi wovuta kwa mlezi ndi umene umatsatira zikondwerero. Pa kalendala ya Chiyuda, mwezi wa Tishrei umadzaza ndi masiku opatulika a Rosh Hashanah, Yom Kippur ndi Sukkot, ndipo ana amatanganidwa kukongoletsa msasa umene banja limadyeramo. Ukatha umenewo pamabwera mwezi wa Cheshvan, cha mu Okutobala ndi Novembala, wopanda chikondwerero cha onse ngakhale chimodzi, umene ena amautcha Marcheshvan n'kumati "mar" ndiko kuwawa. Kuwawako kunagwera ine, pakuti ana atatu osowa chochita amaononga kuposa mbuzi m'dimba.

Mayi a panyumbapo anandipatsa mapepala ochokera kwa achibale awo a ku America, olangiza kuti ana atole masamba oyoyoka n'kuwamata papepala, popeza kumeneko Cheshvan amafika mitengo ikuthothoka masamba. Ife kunja kwathu mitengo ya jakaranda inali itachita maluwa, ndipo tsamba louma linali losowa. Choncho ndinasankha kuti tipange chingalawa cha Nowa, chifukwa nkhani yake imawerengedwa kusunagoge chakumayambiriro kwa mwezi umenewu, ndiponso mwambo wawo umati chigumula chinayamba pa 17 Cheshvan. Poti ndinakulira ku Sande Sukulu, ndinadziona ngati katswiri.

Tinatenga katoni ya filiji, ndipo ine ndinaphika guluu wa ufa wa tirigu monga mmene timaphikira phala, kenako ndinayamba kuumba nyama zadongo ziwiriziwiri ndi luso limene ndinkaumbira ng'ombe kudambo ndili mwana. Mnyamata wamkulu, wa zaka zisanu ndi ziwiri, anaziwerenga modekha n'kundiuza kuti nkhosa zaperewera, chifukwa nyama zodyedwa zinalowa zisanu ndi ziwirizisanu ndi ziwiri. Ndinaumba nkhosa mpaka zala kuuma, moti zomalizira zinkaoneka ngati mbewa. Mlongo wake naye anakanitsitsa kuti nkhumba zanga ziwiri, zimene ndinaziumba bwino koposa zonse, zisalowemo, ndipo anakaziika pakhonde ngakhale mchimwene wake anamuuza kuti Nowa sanazisiye.

Titajambula utawaleza m'mbali mwake, mnyamata uja anafunsa kuti, "Nanga phula lili kuti, Anti? Nowa anamata mkati ndi kunja komwe." Ndinamuyankha mwaukulu kuti chingalawa chathu sichidzaona madzi. Ndinachiyanika pakapinga kuti chiume, ndinapita kukagoneka wamng'ono, ndipo amene anayamba kugona ndinali ine.

Aliyense amene anakhalapo ku Johannesburg m'miyezi imeneyi amadziwa mvula yamasana imene imabwera ndi mabingu mosapereka moni. Ndinadzidzimuka matalala akugogoda pazenera. Pothamangira kunja ndinapeza denga la chingalawa litagwera mkati, njovu ndi nkhosa zitasanduka thope limodzi, galu wa panyumbapo akunyambita guluu mosangalala. Pofuna kupulumutsa chotsala ndinaterereka n'kukhala pansi mkatikati mwa chingalawacho, ndipo podzuka utawaleza wonse unali utasamukira kumbuyo kwa yunifolomu yanga yoyera.

Nthawi yomweyo geti inatseguka, Mayi n'kulowa. Ndinayamba kuti, "Pepani Mayi, mvulayi," koma mnyamata uja anali atafika kale pagalimoto kukapereka lipoti lakuti Nowa atachenjezedwa anamvera, pamene Anti atachenjezedwa anakagona. Mayi anaseka mpaka kutsamira chitseko, kenako anafunsa ngati panali nyama imene yapulumuka. Mtsikana uja anapita pakhonde n'kubwera atanyamula nkhumba ziwiri zouma bwinobwino, zopanda ngakhale mng'alu. Tinakambirana kwa kanthawi za kumene nyama zoterozo zingakhale m'nyumba ya Chiyuda, ndipo mpaka lero zili pazenera la kuchipinda kwanga.