Ntchito yanga ya usiku pa masikirini a mu Joni

Anzanga akumudzi akamva kuti ndimakhoma masikirini m'masitolo muno mu Johannesburg, amaganiza kuti n'kungopachika TV pakhoma. Ayi ndithu. Sikirini yaikulu yotsatsa malonda, ngati zimene mumaziona ku Sandton zija, ndi timabokosi ta LED (timagetsi ting'onoting'ono topanga chithunzi) tambirimbiri tolumikizana. Kamodzi kakangopendekeka ndi milimita imodzi, mzere umaonekera patali.

Timayamba masitolo akatseka. Ndimakwera pamwamba nditamanga lamba, levulo ili m'manja, mnzanga wa ku Dedza akundipatsira mabawuti. Kukhomako sikuvuta kwenikweni, chimene chimandidyera nthawi ndi mawaya. Waya wamba wa HDMI, amene amanyamula chithunzi kupita ku sikirini, akapitirira mamita 15 chithunzi chimayamba kudukaduka, ndiye timaika extender, kachipangizo kothandiza kuti chithunzi chifike kutali, n'kudutsa pa Cat6, waya wa netiweki amene amafika mpaka mamita 100. Waya aliyense ndimamulemba nambala mbali zonse ziwiri kuti wodzakonza mawa asavutike, ngakhale atakhala munthu amene sindidzamuona.

Pa nkhani ya magetsi pokha sindinyengerera. Akazima n'kubwera mwamphamvu amaotcha power supply (chipangizo chopereka magetsi ku sikirini), theka la sikirini n'kuda bii. Kasitomala akakana kugula surge protector, chipangizo chotchinga magetsi obwera mwamphamvu, ndimamuuza mwaulemu kuti, "Bwana, lembani papepala kuti mwakana nokha, musaine."