Magazi osapweteka: mmene ndinachirira mwana wachisanu ndili ndi zaka 41

Sikelo ndinayamba mochedwa, miyezi isanu itakwana kale, ndipo chifukwa chake chinali manyazi basi. Mwana wanga woyamba ali Fomu 4, ine n'kumakakhala pabenchi limodzi ndi atsikana amsinkhu wake? Ndinkangomanga chitenje mokweza n'kumakagulitsa tomato pa Jali ngati palibe kanthu. Ana anayi ndinali nditabereka kale, wachinayi yekha ndiye wa opaleshoni, ndiye ndinkadziyesa katswiri.

Tsiku loyamba anandiyeza BP ndi magazi, anandipatsa neti, Fansidar ndi timapiritsi towonjezera magazi tija. Namwino atatsegula buku langa lakuchipatala anazunguliza zaka zanga ndi cholembera, kenako anakweza bulauzi n'kuona chipsera.

"Amayi, inu simudzachirira kuno ayi. Zaka zapitirira 35, mimba ndi yachisanu, chipsera nachi. Mukajambulitse ku Central."

Ku Zomba Central Hospital muzilawirira, kalata yokutumizani ili m'manja pamodzi ndi buku. Adokotala anandipaka mafuta ozizira pamimba, nayendetsa kamakina kaja nthawi yaitali kumunsi, ali duu. Kenako anapinda dzanja ngati kapu n'kutseka pakamwa pake ndi dzanja linalo. Anati nsengwa, ija imadyetsa mwana kudzera mumchombo, imayenera kukhala chakumtunda kwa chiberekero, koma yanga inakhala pakhomo penipeni potulukira mwana. Dzina lake akuti placenta praevia, ndipo imakonda ife aakuluakulu, obereka kambiri, ndi omwe tinang'ambidwapo. Kwa amayi ambiri imakwera yokha chiberekero chikamakula, choncho anandiuza kuti ndibwerenso pa masabata 32.

Malamulo anali oti ndisiye kusenza madengu, za kuchipinda ndi abambo ziyambe zaima, ndipo ndikangoona magazi, ngakhale kadontho, ndithamange. Lina analibwereza kawiri: aliyense asandipime ndi zala kunjira ya mwana, chifukwa chala chikakhudza nsengwa magazi amatuluka ngati mpopi. Analemba zimenezi m'buku ndi zilembo zikuluzikulu.

Pa masabata 32 inali isanasunthe. Anayang'ananso ngati yamera mizu pachipsera chakale, poti nsengwa yotere imakana kuchoka mwana akabadwa, mpaka ena amawachotsa chiberekero.

Patangotha sabata, m'bandakucha, ndinadzuka mphasa itanyowa. Ndinkayesa mkodzo. Nditayatsa tochi ya foni ndinaona magazi ofiira piriwiri, koma m'mimba muli zii, osapweteka ngakhale pang'ono, mwana akusewera bwinobwino. Apa ndi pamene anthu amapusitsidwa. Apongozi anga, omwe ndi munthu wabwino ndithu, anati, "Poti sizikupweteka, dikirani kuche, mwina zisiya zokha." Zoonadi zinali zitayamba kuchepa. Koma adokotala anali atandichenjeza kuti oyamba amatha kusiya, obwera pambuyo ndiwo oopsa. Abambo akunyumba anakagogoda kwa mnansi wa galimoto, tinalipira mafuta, ulendo wa kutauni.

Anandigoneka, anandiika diripi, anayeza gulu la magazi anga, ndi kundibaya jakisoni wokhwimitsa mapapo a mwana kuopa kuti angabadwe masiku asanakwane. Kunyumba sanandilolenso kubwerera. Jali ndi kutali kwa munthu woti akhoza kutaya magazi nthawi iliyonse.

Pabedi loyandikana nalo panagona mayi wina wamsinkhu wangawu. Iye nsengwa inali pamalo pake, koma inamatuka nthawi isanakwane chifukwa cha BP yokwera. Ankandiuza kuti mimba inauma gwa ngati thabwa, ululu wosasiya, magazi akuda koma ochepa, poti ambiri anatsakamira mkati. Mwana wake sanakhale moyo. Usiku ndinkamumva akulira chamumtima, ine n'kumagwira mimba yanga kuwerenga mmene mwana akugundira. Sikuti anakokomeza amene anati mayi woyembekezera ndi wapakati.

Masabata anayi m'wodi si masewera. Pamafunika gadiyani wolimba mtima. Wanga anali mchemwali wanga, amene ankaphika kumalo a magadiyani n'kumandibweretsera nsima ndi bonongwe. Tinatenga zitenje zisanu ndi chimodzi, beseni, ndowa, ufa, nkhuni ndi sopo. Ndalama zosungira zinathera momwemo, bizinesi ya tomato inagwa, sindinama.

Pa masabata 37 anabwera ndi mapepala oti ndisaine. Anandiwerengera m'Chichewa: opaleshoni, kuikidwa magazi, ndi kuchotsa chiberekero ngati magazi akana kusiya. Anafunsanso ngati ndikufuna kutseka. Tinali titakambirana kale ndi abambo, ndiye ndinasaina osazengereza. Usiku wake sindinadye kanthu, m'mawa jakisoni wa pamsana, miyendo n'kufa dzanzi. Ndinamva kukokakoka, kenako kulira kwa mwana wamkazi wa makilogalamu 2.6. Nsengwa inachoka, chiberekero chinatsala, koma magazi ndinataya ambiri moti anandiika mapaketi awiri.

Tsiku lotuluka anabwera kudzatichingamira ndi yemwe uja wa Fomu 4, atavala yunifolomu. Anamulanda mwana kwa mchemwali wanga uja, anamufunditsa chitenje, ndipo mpaka pa depoti anakana kumupereka kwa wina aliyense.