Kapaipi ka nthunzi ya petulo kamene kanatibweretsera makasitomala

Garaja yathu ili ku Biwi mu Lilongwe, ndipo ntchito imene imatidyetsa ndi yosintha injini. Tinayamba awiri, ine ndi achimwene anga, pansi pa shedi ya malata, tikuchotsa injini zotopa za 5A-FE m'ma Corolla n'kuikamo zina zochokera ku Japan. Osintha injini ndi ambiri mumzinda muno. Chimene chinatipatsa dzina ife ndi kapaipi kamodzi kamene anzathu ambiri sakalabadira.

Petulo akatentha m'thanki amatulutsa nthunzi. Wathu kuno amasakanizidwa ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndiye dzuwa la mu Okutobala likamaswa mtengo nthunziyo imachuluka zedi. Opanga galimoto anaika kachitini kodzaza makala kamene kamaisunga, ndipo kuchokera pamenepo kapaipi kamapita ku injini kudzera pa valavu yotsegula ndi kutseka njira ya nthunziyo, yotchedwa purge valve. Kompyuta ya galimoto ndi imene imatsegula valavuyo, pang'onopang'ono, injini ikatentha ndipo galimoto ikuyenda, kuti nthunzi ikapse pamodzi ndi mafuta.

Ukasintha injini, mawaya ndi kompyuta zimasintha, kapaipi kaja n'kutsala kali lendelende. Ena amangokatseka ndi bawuti. Ena amakasiya pululu, fumbi likulowa, mkati mwa galimoto mukununkha petulo ana ali pampando wakumbuyo. Zimene zimandipweteka kwambiri ndi za amene amakalumikiza ku manifodi, njira imene mpweya umalowera mu injini, popanda valavu. Injini imakoka nthunzi nthawi zonse, imanjenjemera ikaima, ndipo ukangothira mafuta imavuta kulira. Mwini wake amagula mapulagi, amasintha pampu, ndalama zikungopita, vuto lili pompo.

Ife timayamba ndi kuyesa valavu. Tikaizula n'kupemerera, mpweya suyenera kudutsa. Tikaipatsa mavoti 12 iyenera kumveka thi, n'kutseguka. Ngati kompyuta yatsopano ili ndi waya wake wa valavuyo, timaufufuza mpaka titaupeza, ngakhale zitenge tsiku. Mbali imodzi ya valavu imalandira moto kuchokera ku kiyi, mbali inayo imapita ku kompyuta. Kenako timaika makina oyezera kuona ngati P0441 kapena P0443, manambala osonyeza vuto pa njira ya nthunziyi, sizikutuluka. Injini zakale zopanda waya wotere timazilumikizira kapaipi kaja pabowo la pamwamba pa throttle (kachitseko kolowetsa mpweya mu injini), limene silikoka kanthu phazi likachoka pa moto.

Nthawi ya mizere ya mafuta ntchito imeneyi inachuluka. Munthu wagona pa filing'i siteshoni, akafika pa pampu amauza anyamata agwedeze galimoto kuti mulowe dontho lina, mpaka petulo kuonekera pakamwa pa thanki. Ndimawamvetsa. Koma petulo wamadziyo amatsikira m'kachitini kaja n'kunyowetsa makala, ndipo akanyowa ntchito yake yatha. Tikakachotsa kamakhala kolemera, nthawi zina timakala takuda tikutuluka m'paipi n'kukakamira mu valavu.

Alipo makasitomala amene amadandaula: "Abwana, injini ikulira bwinobwino, zinazi n'zachiyani?" Timawatsegulira boneti, kuwaonetsa kumene kapaipi kachokera ndi kumene kakupita, ndipo mtengo wake timauika pamodzi ndi wa ntchito yonse kuyambira pachiyambi. Panopa tili ndi anyamata atatu ophunzira ntchito, ndipo aliyense amayamba ndi kutsata paipi imeneyi kuchokera ku thanki asanaloledwe kumasula injini. Chimene chikutivutabe ndi kupeza zitini zabwino, chifukwa ogulitsa zipangizo zakale ambiri amabweretsa injini yokha, zitinizo n'kutsala pa thupi la galimoto kumene anaidulira.