Mmene ndinalongosolera nkhani ya nyimbo pa malo anga odyera

Ndili ndi malo odyera a matebulo 9 ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe, ndipo chitsegulireni malowa nyimbo zimalira kuyambira pa tiyi wa m'mawa mpaka titatsuka mapoto usiku. Kwa zaka zingapo ndinkadalira flash yomwe anyamata a pamsika ankandidzazira nyimbo, koma Spotify, njira yomvera nyimbo pa intaneti, itayamba kupezeka m'Malawi muno mu February 2021 ndinalembetsa, n'kumalumikiza foni yanga ku masipika. Mumtima ndinkati popeza ndikulipira mwezi ndi mwezi, oimba akulandira thukuta lawo ndipo palibe amene ndikumudyera masuku pamutu. Amene ananditsegula maso ndi mlamu wanga, woimba kiyibodi mu bandi ina, yemwe tsiku lina atamaliza kudya anandifunsa kuti, "Alamu, nyimbo mukuikira makasitomalazi, chiphaso chake muli nacho?"

Chinthu choyamba chomwe ndinachita chinali kuwerenga malamulo omwe ndinavomereza polembetsa paja, amene ambiri a ife timangodina osawerenga. Zinalembedwa momveka kuti nyimbozo n'zoti munthu amvere payekha kapena ndi a pabanja pake, osati pochitira malonda. Ndinayang'ananso a YouTube ndi a Apple Music ndipo mfundo yake inali yomweyo. Apa m'pamene ndinazindikira kuti nkhaniyi ili pawiri: pali chilolezo choimbira nyimbo pagulu, komanso pali gwero lomwe nyimbozo zikuchokera. Kukhala ndi chimodzi sikuchotsa kufunika kwa chinzake, ndipo anzanga ambiri a mabala, masaluni ndi mashopu amasokonezeka pamenepa monga ndinkasokonezekera ine.

Ndinayamba ndi chilolezo. Kuno kwathu ntchitoyi ili m'manja mwa Copyright Society of Malawi, yomwe tonse timaitcha COSOMA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1992 potsatira lamulo la umwini wa ntchito zaluso la 1989. Lamulolo linalowedwa m'malo ndi la 2016, lomwe mwa zina linabweretsa msonkho pa zipangizo zosungiramo nyimbo ndi zithunzi, kuti eni luso azipezako kangachepe pa zomwe anthu amakopera. Ndinapita ku ofesi yawo nditatenga zikalata za bizinesi yanga. Anandifunsa mtundu wa bizinesi, kukula kwa malo ndi momwe ndimaimbira nyimbo, chifukwa malo odyera, hotela ndi malo ovinira salipira mofanana. Nditalemba fomu anandiuza ndalama zoyenera kupereka, ndinalipira, ndipo ndinalandira chiphaso cha chaka chimodzi chomwe ndinachipachika pakhoma pafupi ndi cha khonsolo.

Funso lomwe linkandivuta linali lakuti, ngati theka la nyimbo zomwe ndimaika ndi za ku Nigeria, ku South Africa ndi ku Congo, bungwe la ku Malawi lingandilole bwanji kuziimba? Yankho lake ndi lakuti mabungwe otere amagwirizana m'maiko osiyanasiyana, ambiri kudzera mu chitaganya chawo cha pa dziko lonse chotchedwa CISAC, kotero kuti lina limatolerera linzake ndalama m'dziko mwake. Mwayi wathu ndi wakuti bungwe ndi limodzi. Mchimwene wanga yemwe ali ndi saluni ku Johannesburg amayenera kukhala ndi ziphaso ziwiri, cha SAMRO choimira opeka nyimbo ndi cha SAMPRA choimira oimba ndi makampani ojambula, pomwe ku Britain mabungwe a PRS ndi PPL anachita kugwirizana mu 2018 kuti amalonda azidula chiphaso chimodzi.

Gawo lachiwiri, la gwero la nyimbo, ndilo linanditengera nthawi yaitali. Alipo makampani omwe amagulitsa streaming, kutanthauza nyimbo zomvera pa intaneti, kwa amalonda okhaokha, monga Soundtrack Your Brand yomwe inayamba ku Stockholm mu 2013 mothandizidwa ndi Spotify. Mtengo wawo umaposa wa munthu womvera payekha, chifukwa mapangano awo ndi eni nyimbo amalola kuti nyimbo ziimbidwe pamalo a malonda. Pofufuza ndinaphunzira kufunsa mafunso atatu ndisanalipire kalikonse: ngati kampaniyo imalola kulembetsa malo a ku Malawi, ngati mtengo wake ndi wa malo amodzi kapena wa sipika iliyonse, ndiponso ngati nyimbo zimasungika m'chipangizo kuti zipitirire kulira netiweki ikadula. Ambiri mwa makampaniwa amanena poyera kuti m'maiko ambiri wamalonda amayenerabe kudula chiphaso cha bungwe la m'dziko mwake, zomwe zinanditsimikizira kuti ulendo wanga wa ku COSOMA sunali wongotaya nthawi.

Nditapeza kampani yondiyenera, vuto linabwera pa malipiro. Amafuna khadi la banki lotha kulipira m'madola, ndipo kawiri konse malipiro anga anakanika chifukwa cha malire a ndalama zakunja omwe anali pa khadi langa. Ndinachita kupita ku banki kukalongosola cholinga cha ndalamazo. Aliyense wofuna kutsata njira imeneyi awerengeretu kuti mtengo wa m'madola sukhazikika pa kwacha: ndalama yathu itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, bilu ya nyimbo inakwera pamodzi ndi ya mafuta ophikira, pomwe mtengo wa mbale ya nsima sungakwezedwe tsiku lomwelo popanda kuthamangitsa makasitomala.

Bandulo nayo ili ndi masamu ake, ndipo ndinakhala pansi ndi cholembera. Nyimbo zikamalira pa mlingo wa 160 kbps (muyezo wa bandulo yomwe nyimbo imadya pa sekondi) zimadya pafupifupi 72 MB pa ola, kutanthauza kuti pa maola 12 a tsiku la malonda zimatha 864 MB, ndipo pa mwezi zimayandikira 26 GB. Nditatsitsa mlingo kufika pa 96 kbps zinatsikira pa 43 MB pa ola, ndipo m'chipinda momwe muli phokoso la mbale ndi macheza palibe kasitomala amene anamva kusiyana. Chinathandiza koposa ndi kutsitsiratu mindandanda ya nyimbo usiku, kuti masana foni isamadalire intaneti. Ndinagulanso foni yotsika mtengo yogwira ntchito imeneyi yokha, popeza kale nyimbo zinkaduka nthawi iliyonse munthu akandiimbira, komanso sipika yokhala ndi batire yoti izilira magetsi akathima.

Chomwe chinandipweteka mtima ndi kuchepa kwa nyimbo za kwathu, makamaka zakale. Makasitomala anga achikulire amakonda reggae ya ku Balaka, makwaya ndi nyimbo za magitala zomwe tinkamvera pa wailesi tili ana, koma zambiri mwa izo zinatuluka pa makaseti, m'masiku omwe oimba ankakagulitsa ntchito zawo kwa O.G. Issa, wamalonda wogulitsa makaseti a nyimbo, ndipo sizinaikidwe pa intaneti m'njira yoti mwini wake azilandirapo kanthu. Zomwe zimapezeka nthawi zambiri zinaikidwa ndi munthu wina wongozikonda, ndipo woimbayo kapena ana ake salandira ngakhale tambala. Pa chifukwa chimenechi ndinakonza gwero lachiwiri: ma CD enieni omwe ndinali nawo kale, ndi nyimbo zomwe ndimagula kwa oimba eni ake, n'kusunga uthenga wa malipiro a pafoni ngati umboni. Flash yakale ija ndinaifufuta yonse, ngakhale munali nyimbo zina zomwe mpaka lero sindinazipezenso.

Mlamu wanga anandifotokozera chifukwa chake kugula kwa woimba kuli ndi phindu lalikulu kwa iye. Bungwe la IFPI, loimira makampani ojambula nyimbo pa dziko lonse, linapeza kuti mu 2023 streaming inabweretsa magawo awiri mwa atatu a ndalama zonse za nyimbo zojambulidwa pa dziko lapansi, koma ndalamazo zimagawidwa molingana ndi kuchuluka kwa maulendo omwe nyimbo yamvedwa poyerekeza ndi nyimbo zina zonse. Pa Spotify nyimbo imawerengedwa kuti yamvedwa ikalira masekondi 30, ndipo kuyambira mu 2024 nyimbo yomwe sinamvedwe maulendo 1,000 pa miyezi 12 silandira gawo la ndalamazo. Woimba wa ku Mchinji yemwe omutsatira ake amamvera nyimbo zake pa memory card ndi pa WhatsApp sangapikisane m'masamu amenewa ndi woimba wa ku Lagos, ngakhale nyimbo zake zitamavinidwa pa ukwati uliwonse m'boma lonse. Kwa woimba wotere, ndalama za ziphaso zomwe ife amalonda timadula ndiponso zomwe timamupatsa pamanja zingathe kuposa kutali zomwe angapeze pa intaneti.

Masiku ano m'mawa timaika nyimbo zauzimu ndi zodekha, masana za kwathu, ndipo madzulo zosakaniza, koma motsitsa kuti anthu azimvana polankhula. Antchito anga ndinawaletsa kulumikiza mafoni awo ku masipika, chifukwa kutero kumatibwezera ku vuto lomwe tinachokako. Ndili ndi kope momwe timalembamo nyimbo za oimba a kuno zomwe taika pa sabata, popeza bungwe lililonse lotolera ndalama limagawa molondola pokhapokha litadziwa zomwe zikuimbidwadi, ndipo kopelo ndimalitenga popita kukawonjezera chiphaso. Ulendo ukubwerawu ndikafunsanso za malipiro a bandi yoimba pamalopo, chifukwa mlamu wanga ndi anzake akufuna kuyamba kuimba Loweruka lililonse madzulo, ndipo pa fomu yomwe ndinalemba ndinatchulapo nyimbo za m'masipika zokha.