Tsiku limene ndinavala msampha

Ndinabadwira ku Kasungu konkuno, koma ndinakwanitsa zaka 40 ndisanapondemo m'nkhalango yathu yosungirako nyama. Za njovu ndinkangomvera kwa anthu a kwa Chulu akamadandaula kuti zawadyera chimanga. Ndiye boma litabweretsa njovu zina 263 kuchokera ku Liwonde mu 2022, alamu anga anati, "Alamu, tiyeni tikaone alendowa."

Ine ulendo sindiyenda mwachisawawa. Ndinapita pa kaunjika n'kusankha shati ya buluu yowala ngati yaukwati, n'kuiphatikiza ndi buluku lakuda. Mayi a kunyumba anakhala kutsogolo ndi achimwene awo, ine ndi ana kumbuyo kwa pikapu.

Titangodutsa pa geti la Lisitu, mwana wanga wamng'ono analoza nsalu za buluu ndi zakuda zimene zinapachikidwa m'mbali mwa msewu.

"Ababa, zimenezo n'chiyani?"

Bambo sanena kuti sindikudziwa. Ndinakonza kukhosi n'kumuuza kuti ndi mbendera zosonyeza kuti malire a Zambia ali pafupi. Ndinaonjezanso kuti ngakhale anthu a ku Zambia aona kuti mitundu imeneyi ndi ya anthu ozindikira.

Sindinamalize n'komwe. Chinthu chinandibaya pamsana ngati jakisoni wa namwino amene wakangana ndi mwamuna wake m'mawa. Kenaka pantchafu. Kenaka pamalo pamene sindingatchule, poti nkhaniyi awerenganso apongozi. Akashembe! Ntchentche zimenezi nsalu siziiona kanthu, zimaboola basi, ndipo ukaimenya imagwa, n'kudzidzimuka, n'kubweranso. Ana ali phee m'mayunifomu awo otuwa akale, ine ndikuvina chimtali ndekha, kudziomba mbama thupi lonse. Alamu poona pagalasi ankayesa ndasangalala, mpaka anakweza wailesi.

Pofika ku damu la Lifupa n'kuti nditatupa ngati mandasi. Bambo wina wa gemu anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, akulimbana ndi chiseko.

"Akuluakulu, nsalu mwaziona m'njiramo? Ndi misampha ya akashembe. Amakopeka ndi buluu ndi zakuda, ndiye timazipaka mankhwala. Inuyo mwavala msampha, kungoti wanuwo ulibe mankhwala."

Mwana uja, osandimvera n'chisoni chomwe: "Si mbendera za Zambia, ababa?"

Ndinavula shati pomwepo. Msana ukuyaka moto, ndinaona madzi a damu ali ndendende, oziziritsa mtima, ndipo ndinatsetsereka kuti ndikadzithireko pang'ono. A gemu anakuwa, koma ndinayesa akupitiriza kundiseka. Nditangowerama, chimene ndinkachiyesa mwala chinatsegula kukamwa n'kufwenthera. Mvuu.

Anthuni, sindinkadziwa kuti mimba yangayi imatha kuthamanga. Nsapato imodzi inatsala m'matope, ndipo a gemu atafunsa ngati ndikuifuna, ndinati ndaipereka kwa boma.

Njovu tinazionadi madzulo zikubwera kudzamwa madzi, koma ine ndinazionera m'galimoto, magalasi otseka, nditafunda chitenje cha mayi a kunyumba.

Patapita masiku ndinakayezetsa magazi, poti akashembe ndi amene amafalitsa kaodzera. Sanandipeze nako. Koma Lamlungu lapitali nditangosinza pang'ono ulaliki uli mkati, ndinamva apongozi akunong'oneza amayi a pambali pawo kuti, "Musawadzutse, analumidwa ndi mbendera za Zambia."