Kusintha mawu m'mafayilo ambiri ndi grep ndi sed

Masiku ano ndikuphunzira timapulogalamu tiwiri takale ta Unix, grep ndi sed: grep amasaka mawu m'mafayilo, sed amawasintha. Ken Thompson ndi amene analemba grep, ndipo sed analemba ndi Lee McMahon ku Bell Labs cha m'ma 1973 ndi 1974, koma mpaka lero pa Linux ndi pa Mac umangotipeza tilimo kale. Chimene chinandikokerako ndi foda ya zolemba za kusukulu, mafayilo a .txt ambirimbiri, momwe tinagwirizana kuti paliponse palembedwa "ana" pakhale "ophunzira". Kutsegula fayilo imodziimodzi kukanandidyera tsiku lathunthu.

Lamulo lake ndi lalifupi: sed -i 's/ana/ophunzira/g' *.txt

Chilembo s ndicho chimasintha, g amati usinthe paliponse mu mzerewo osati poyamba pokha, ndipo -i amalemba zosinthazo m'fayilo momwemo. Ameneyu -i ndiye wofunika kumuopa. Sakufunsa ngati watsimikiza, ndipo akalemba walemba.

N'chifukwa chake ndinayamba ndi grep -rn 'ana' . kuti ndingoona kaye, osakhudza kanthu (-r amasaka m'foda yonse, kadonthoko kakuimira foda imene ulimo, ndipo -n amaonetsa nambala ya mzere). Zomwe zinatuluka zinanditsegula maso: anabwera, mwana, anamwino, kukambirana, mizere yosawerengeka. sed saona mawu ngati mmene timaonera ife, amangoona zilembo zitatu zotsatizana. Lamulo lija likanapanga "anabwera" kukhala "ophunzirabwera", "mwana" kukhala "mwophunzira", ndipo "kukambirana" kukhala "kukambirophunzira". Pa Chichewa vutoli ndi lalikulu kwambiri chifukwa timamata tizidutswa tambiri m'mawu amodzi, ndipo mneni wa nthawi yakale wokamba za munthu nthawi zambiri amayamba ndi zilembo zomwezo.

Mankhwala ake alipo. grep -w amapeza mawu oima paokha basi, ndipo pa sed ya GNU, imene ili pa Linux, umalemba 's/\bana\b/ophunzira/g', pomwe \b akuimira malire a mawu. "Ana" woyamba ndi chilembo chachikulu amafuna lamulo lake padera. Ndimayamba ndayendetsa popanda -i, zotsatira zimangooneka pa sikirini, ndikakhutira ndiye ndimamuwonjezera.

Mafayilo akakhala m'mafoda a mkati ndimalumikiza awiriwa chonchi: grep -rlw --null 'ana' . | xargs -0 sed -i.bak 's/\bana\b/ophunzira/g'

Apa -l amapereka mayina a mafayilo okha, xargs amatengera mayinawo kwa sed, --null ndi -0 amateteza mayina okhala ndi mipata monga "kalasi yachitatu.txt", ndipo .bak amasiya kope ya fayilo yakale pambali. Ngati foda ili mu Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zosintha m'kafoda kotchedwa .git, onjezani --exclude-dir=.git pa grep, chifukwa sed akalowa m'menemo angathe kuwononga mbiri ya ntchito yanu. A Mac achenjere: sed yawo ndi ya mtundu wina, wa BSD, \b saimva, ndipo -i imafuna kuti uipatse mathero a dzina la kopeyo kapena ''.

Koma chimene chandikhalitsa pansi kwambiri si malamulowa ayi. "Ana" ndi "ophunzira" ali m'gulu limodzi la mayina, choncho "ana awa abwera" imasanduka "ophunzira awa abwera" popanda kuthyoka. Nditayesa kusintha "buku" kukhala "kabuku" m'mafayilo oyeserera, panatuluka "kabuku ili ndi labwino". Zilembo zalowa bwinobwino, koma chiganizo chafa, chifukwa chimafunika "kabuku aka ndi kabwino", ndipo mgwirizano woterewu umatha kufika mpaka chiganizo chotsatira. Ngakhale "ana" woima payekha amatha kukupusitsa: mu phunziro la zaulimi munali "ana a mbuzi", omwe sangakhale ophunzira. Fayilo imeneyo ndinaichotsa pa mndandanda, ndipo zotsalazo ndikuziwerenga ndi git diff --word-diff, yomwe imaonetsa mawu akale ndi atsopano moyandikana, mzere ndi mzere.